Mbuna Zathu ndi Timasitolo Timene Tikutsekedwa

Ana a sukulu amaseka ndikawauza kuti ku Britain ndi ku America anthu amaweta nsomba m'matanki a galasi, osati za ndiwo ayi, koma zongoyang'ana. Zina mwa nsombazo ndi mbuna za m'Nyanja ya Malawi, zimene malemu Stuart Grant ankatumiza kunja kuchokera ku Salima kuyambira m'zaka za m'ma 1970.

Kale wogula ankapita ku kasitolo ka munthu wodziwa nsomba. Mwiniwakeyo ankachenjeza kuti mbuna zambiri zimadya ndere za pa miyala, ndipo zikachulukiridwa chakudya chanyama zimatupa mimba n'kufa. Ankanenanso kuti ndi zandewu, siziyenera kukhala pamodzi ndi nsomba zofatsa. Mwana wobwera ndi ndalama m'manja, tanki lake lisanakonzeke, ankabwezedwa kaye.

Lero timasitolo totere tikutsekedwa. Masitolo akuluakulu monga PetSmart ndi Pets at Home amaoda katundu wambiri nthawi imodzi n'kutsitsa mitengo, pomwe wogula pa intaneti nsomba imamupeza pakhomo m'bokosi. Zambiri mwa izo sizinaionepo nyanja yathu. Zimaswedwa m'maiwe a ku Florida ndi ku Asia. Chondiwawa ine, makolo anzanga, n'chakuti ena amakafunsa nzeru kwa mwini kasitolo, kenaka n'kukagula kotchipa, mnzawoyo lendi ikumudikira.