Khungu Loyabwa ndi Dzanja Lozolowera Kukanda

Mwera ukayamba kuomba pa nyanja m'mwezi wa Juni, khungu limauma ndi kutuwa. Kuyambira ku Meluluca, kudzera pa Metangula ndi Messumba mpaka ku Cobué, m'nyumba zina simugonedwa tulo. Mwana akulira. Akudzikanda m'khosi, m'zigongono ndi kuseri kwa maondo mpaka magazi. Akulu ena nawonso ali ndi vuto lomweli. Achipatala amaitcha nthendayi eczema. Ena kwathu kuno amati chikanga.

Amayi ndi abambo, tiyeni tiyambe taisiyanitsa ndi nthenda zina, pakuti mankhwala ake ndi osiyana.

Mphere zimapatsirana. Zimakonda pakati pa zala, m'chiuno ndi kumaliseche, ndipo mudzaona kuti anthu angapo a nyumba imodzi akukanda usiku. Mphere zikalowa m'nyumba, onse a m'nyumbamo ayenera kudzola mankhwala tsiku limodzi. Chipere chimachita chozungulira ngati ndalama. Khate limayamba ndi banga lotuwa losayabwa, ndipo mukalikhudza munthu samva kanthu. Chikanga sichili chotero. Sichipatsirana, ngakhale mutagona mphasa imodzi kapena kudyera mbale imodzi. Si ufiti ndiponso si uve. Chimayenda m'mtundu. Kawirikawiri pa banjapo pamakhalanso wina wa mphumu, kapena woyetsemula ndi kuyabwa maso nthawi ya fumbi. Ana ambiri amachiyamba asanakwane zaka 5. Khanda limayamba m'masaya. Ambiri amapeza bwino akamakula, koma ena amakalamba nacho.

Kodi chimayabwitsa n'chiyani?

Khungu labwino lili ngati mtsuko woumbidwa bwino. Limasunga madzi m'kati. Khungu la wachikanga lili ngati mtsuko wa timing'alu tosaoneka ndi maso. Madzi amatuluka, khungu n'kuuma. Sopo, fumbi, thukuta ndi tizilombo zimalowa pa timing'alu tomwetu. M'chaka cha 2006 akatswiri a ku Dundee, m'dziko la Scotland, anapeza kuti anthu ambiri a nthendayi amabadwa ndi khungu lopereweramo chinthu china chimene chimamanga khungu kuti likhale lolimba. Choncho mwana sanalakwe, ndipo mayi wake sanalakwe.

Tsono mvetsani bwino apa, pakuti nkhani yagona pano. Kukanda kumakoma. Chikhadabo chikapweteka khungu, thupi limaiwala kuyabwa kanthawi kochepa. Koma chikhadabo chomwecho chakulitsa ming'alu ija. Khungu lopwetekalo limatupa ndipo limayabwa koposa poyamba. Munthu amakandanso. Pakapita miyezi, malowo amada, amakhuthala ndi kukhakhala ngati khungwa la mtengo. Khungu lokhuthala limayabwa kwambiri.

Pali china. Dzanja limazolowera. Poyamba munthu amakanda chifukwa pakuyabwa. Pambuyo pake amakanda ngakhale pasakuyabwa: povula zovala, pocheza madzulo, pokwiya, poganiza za mavuto, podikira bwato pa doko. Mukamufunsa, akana. Sakunama ayi. Dzanja lakanda mwini wake osadziwa.

Yambani ndi mafuta

Simungaletse dzanja khungu likadali louma. Msodzi amamata phula pa ming'alu ya bwato asanapite pa nyanja. Phula la khungu ndi mafuta. Vaseline woyera wopanda fungo ndi wabwino, ndipo amapezeka m'timagolosale. Mafuta a kokonati ndi a mpendadzuwa amathandizanso. Mafuta a mtedza musadzoze mwana wachikanga, chifukwa akalowa pa khungu long'aluka thupi lingayambe kudana ndi mtedza. Mafuta onunkhira ndi mafuta oyeretsa khungu asiyeni.

Nthawi yabwino yodzola ndi pamene mwangovuuka m'madzi. Musadikire kuti dzuwa ndi mphepo zikuumitseni pa mchenga. Dzipukuteni mogundagunda ndi nsalu yofewa, ndipo dzolani thupi likadali lonyowa pang'ono. Dzolani kawiri pa tsiku kapena kupitirira apo, ngakhale masiku amene khungu likuoneka bwino. Ambiri amalakwa pano. Zilonda zikangopola amaleka, ndipo mwera wotsatira nthenda yabweranso.

Posamba musachedwe m'madzi. Musadzikhule ndi mwala kapena chinkhupule. Sopo wochapira zovala asakhudze thupi. Sopo wosambira akhale wochepa, wa m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi basi. Madzi otentha kwambiri amanyenga. Amakoma pa malo oyabwa, koma amachotsa mafuta a khungu, ndipo usiku womwewo mudzakanda koposa. Amayi oviika chinangwa ndi ochapa, ndiponso abambo okoka makoka ndi ogwira petulo wa injini, dzolani m'manja musanayambe ntchito ndi pomaliza.

Kapulana yatsopano muyambe mwaichapa. Zovala muzitsukuluze mpaka thovu lithe. Nsalu ya thonje ndi yabwino kuposa ya nayiloni. Bulangete lokhakhala liikeni pamwamba pa kapulana, lisakhudze thupi. Gonani m'masikito, pakuti udzudzu umodzi ungadzutse kukanda kwa usiku wonse.

Pamene khungu latupa ndi kuyabwa kwambiri, mafuta okha sakwanira. Pitani ku chipatala cha Metangula, cha Cobué kapena china chapafupi, kapena funsani APE wa m'mudzi mwanu. Mankhwala odzola amene amaperekedwa kawirikawiri ndi hydrocortisone. Madokotala anayamba kuwagwiritsa ntchito pa khungu m'chaka cha 1952, ndipo ndi odziwika bwino. Muyeso wake ndi uwu: finyirani mankhwala kuyambira kunsonga ya chala cholozera mpaka pa mzere woyamba. Amenewo akwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Dzolani pa malo odwala okha, masiku amene anamwino anena. Mankhwala amphamvu a pa msika, amene simudziwa dzina lake, amapyapyalitsa khungu, makamaka kumaso. Kutema mphini ndi kupaka phulusa kapena tsabola kumangoonjezera zilonda.

Kuphunzitsa dzanja

Njira iyi inayesedwa ndi madokotala a ku Sweden m'zaka za 1986 ndi 1989. Anapeza kuti odwala amene anadzola mankhwala ndi kuphunziranso kuleka kukanda anapola bwino kuposa amene anadzola mankhwala okha. Njirayi siifuna ndalama. Ifuna pensulo ndi kudziwa kuwerenga manambala, zimene tonse tikuphunzira.

Sabata yoyamba musaleke kukanda. Ingowerengani. Tsegulani tsamba lomaliza la kope lanu, lembani masiku 7, ndipo nthawi iliyonse dzanja likakanda lembani kamzere pansi pa tsikulo. Amene muli pa nyanja kapena kumunda, ponyani njere ya chimanga m'thumba, mukawerenge madzulo. Pemphani mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana kuti azikuuzani akakuonani mukukanda. Mudzadabwa ndi chiwerengero chake. Onaninso nthawi imene timizere tachuluka. Kodi ndi podzuka? Kodi ndi povula? Kodi ndi pokhala pa moto? Imeneyo ndiyo nthawi yoti mukhale tcheru.

Sabata yachiwiri yambani chizolowezi chatsopano. Dzanja likanyamuka, lifumbateni ndi kulitsitsa. Werengani chamumtima pang'onopang'ono kuyambira 1 mpaka 30. Kawirikawiri kuyabwa kumachepa kokha musanafike pa 30. Ngati kukadalipo, tsinani pang'ono malowo kapena kanikizani ndi chala, osakhula. Kukapitirira, ikanipo nsalu yoviika m'madzi ozizira, kenaka dzolani mafuta. Pa nthawi zoopsa zija, fulumirani. Povula, vulani msanga, dzolani msanga, valani msanga. Pocheza, manja akhale ndi ntchito: kusoka ukonde, kuluka mphasa, kutongola chimanga, kusewera bawo. Pitirizani kulemba timizere kwa masabata anayi. Tsiku limene mwalephera si mlandu. Lembani, mawa muyambenso.

Nanga usiku? Munthu wogona sangawerenge mpaka 30. Wengani zikhadabo zikhale zazifupi ndi zosalala. Dzolani mafuta ambiri pogona, ndipo musafunde mpaka thukuta. Kukanda kwa usana kukachepa, khungu limapola, ndipo kwa usiku kumachepanso.

Mwana wamng'ono sangathe kufumbata dzanja ndi kuwerenga. Ntchito ndi ya makolo. Ine ndikuona kuti mawu akuti "Usakande!" sathandiza konse. Amangokumbutsa mwana za kuyabwa. Kumumenya ndiye koipitsitsa, chifukwa mwana wolira ndi wamantha amakanda kwambiri. Gwirani manja ake mwakachetechete. Mupatseni chogwira, imbani naye nyimbo yoomba m'manja, mutumeni kanthu. Akakhala osakanda, muyamikireni. Mvekeni malaya a manja aatali a thonje. Ndipo musamuletse usipa, mazira kapena mkaka wa m'mawere chifukwa choti wina wanena kuti ndizo zikuyabwitsa. Ngati mwaona kuti chakudya china chimamutupitsa milomo kapena kumutulutsa zidzolo atangodya, kanenani kuchipatala. Kupanda apo, mwana adye. Khungu la mwana wanjala silipola msanga.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche kawiri. Zilonda zikayamba kutulutsa mafinya kapena nkhanambo zachikasu, thupi likatentha, kapena pakabuka timatuza tambiri topweteka tofalikira msanga, makamaka pafupi ndi maso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mwana amene anali ndi zilonda za mafinya akatupa nkhope ndipo mkodzo wake ukada ngati tiyi, musangoti ndi likodzo la m'nyanja. Zingakhale impso, ndipo afunika kupimidwa. Munthu wamkulu amene sanadwalepo khungu, akayamba kuyabwa thupi lonse kwa masabata ambiri, akapimitsenso magazi, kuphatikizapo HIV. Zikakanika ku Metangula, achipatala adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha ku Lichinga. Popita tengani kope lanu lija ndi mafuta onse amene mwakhala mukudzola, anamwino akaone.