Pusi Wosokoneza wa Kampani ya Netflix

Mu Ogasiti chaka cha 2008, kampani ya Netflix ya ku America inatha masiku atatu osatumiza ma DVD a kanema kwa makasitomala ake. Chinawonongeka chinali chimodzi chokha: nkhokwe ya pakompyuta yosungiramo maina a anthu ndi zimene aitanitsa. Popeza ntchito yotumiza ma DVD inatsamira pa nkhokwe imodziyo, itaima iyo kutumizako kunaimanso.

Akuluakulu a kampaniyo anaganiza zoleka kudalira makompyuta awoawo, nayamba kubwereka a kampani ya Amazon, amene munthu amawagwiritsa ntchito kudzera pa intaneti, nalipira molingana ndi m'mene wagwiritsira. Njira imeneyi ndiyo imatchedwa cloud. Msamukowo unatenga zaka 7, nutha mu Januwale 2016. Unachedwa chifukwa sananyamule pulogalamu yakaleyo monga inaliri. Anaigaŵa kukhala timapulogalamu tating'ono mazanamazana, totchedwa microservices. Kena kamawona ngati munthu walipira, kena kamakumbukira pamene analekezera kanema dzulo, kena kamamsankhira mafilimu oyamba kuwoneka. Kalikonse kali ndi akatswiri ake okasamala, ndipo timamvana potumizirana mauthenga.

Madzulo, anthu ochuluka akakhala pansi kuwonera kanema, makina amawonjezera okha makompyuta ku kagaŵo kamene kalemedwa, nawabweza anthu akagona. Ndipo kagaŵo kosankhira munthu mafilimu kakafa, wowonerayo amangopatsidwa mndandanda wa mafilimu otchuka kwa aliyense, kaŵirikaŵiri osazindikira n'komwe kuti china chalakwika.

Koma kugaŵa ntchito kotere kuli ndi msampha wake. Kagaŵo kochedwa kuyankha n'koopsa kuposa kakufa, pakuti tinzake timakadikira, zopempha nkumaunjikana, mpaka tonse titatsamwa. Pofuna kupeŵa zimenezi, Netflix inapanga chida chotchedwa Hystrix, chogwira ntchito ngati fyuzi ya magetsi: chikawona kuti kagaŵo kena kakulephera mobwerezabwereza, chimadula njira yopita kumeneko kuti kodwalako kapume.

Chodabwitsa koposa ndicho Chaos Monkey, kutanthauza pusi wosokoneza, pulogalamu imene inaperekedwa kwaulere kwa anthu onse mu 2012. Ntchito yake njozimitsa dala makompyuta amene akutumikira anthu, mwachisawawa, m'maola a ntchito. Zimamveka ngati misala, koma nzeru yake njozama. Kompyuta idzafa ndithu tsiku lina. Nkwabwino ife masana akatswiri ali pa mipando yawo kusiyana ndi pakati pa usiku. Ndiponso katswiri wodziŵa kuti pusi akhoza kufika nthaŵi ina iriyonse amalemba pulogalamu yake moti ina ikhale yokonzeka kutenga malo a yakufayo.

Pusiyo sanathe kuwona zonse. Pa 24 Disembala 2012, madzulo oti maŵa lake ndi Khirisimasi, zida za Amazon zogaŵira zopempha ku makompyuta zinasokonezeka m'chigaŵo cha Virginia, ndipo mabanja ambiri ku America analephera kuwonera kanema. Timapulogalamuto tinali tambiri, inde, koma wowonera wa ku America ankatifikira kudzera m'chigaŵo chimodzi chokhacho. M'chaka chotsatira, 2013, Netflix inayala ntchito zake ku Virginia ndi ku Oregon nthaŵi imodzi, kuti chigaŵo china chikagwa anthu asamutsidwire ku chinzake. Inapanganso Chaos Kong, woyeserera kugwa kwa chigaŵo chathunthu.