KOMPYUTA YOTHA KUBWERERA M'MBUYO IKASOKONEZEKA

Pa 19 July 2024, makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni anaima pa dziko lonse lapansi. Ndege zambiri sizinanyamuke, ndipo nchito za m'zipatala ndi m'mabanki zinasokonezeka. Gwero la bvutolo linali fayilo imodzi yolakwika imene kampani ya CrowdStrike ya ku America inatumiza. M'malo ambiri anchito anayenda pa makina amodziamodzi kucotsa fayiloyo.

Mabvuto otere ndiwo acititsa akatswiri kufunafuna njira yobwezera makina m'mene analili asanaonongeke. Njirayo ichedwa snapshot, ndipo yagona pa filesystem, ndiko kuti dongosolo limene kompyuta isungira mafayilo ake pa disiki.

Madongosolo akale alemba zatsopano pamwamba pa zakale, zakalezo n'kufafanizika. Koma ZFS, imene Sun Microsystems inatulutsa mu 2005, ndi Btrfs, imene Chris Mason anayamba ku Oracle mu 2007, zilemba zatsopano pamalo ena, osakhudza zakale. Cotero kusunga cithunzi ca mafayilo onse kutenga kamphindi cabe, ndipo poyamba sikudya malo ambiri.

Kuyambira mu 2014, openSUSE ya Linux igwiritsa nchito Btrfs pamodzi ndi pulogalamu yochedwa Snapper. Iyi isunga cithunzi munthu asanaike mapulogalamu atsopano, ndi cina atatsiriza. Zinthu zikalakwika, mwini wace ayatsanso makina, nasankha cithunzi cakale, nabwerera pamene zonse zinali bwino.

Komabe dongosolo lotere silikhwima msanga, pakuti likalakwa litaya zolemba za anthu. Btrfs inalowa mu Linux mu 2009, koma mu 2017 kampani ya Red Hat inalengeza kuti iisiya, ndipo mu 2019 inaicotseratu, nikhalabe ndi XFS. Fedora inadikira kufikira 2020 isanaibvomereze pa makompyuta a anthu wamba. Ngakhale tsopano, okonza Btrfs acenjeza kuti mbali yace ya RAID 5 ndi 6 siinakhazikike.

Akatswiri akumbutsanso kuti cithunzico cikhala pa disiki lomwelo. Nkhokwe ikapsa, cimanga cakale ndi catsopano cipsera limodzi. Motero masukulu, maofesi ndi zipatala ziyenera kusunga kope lina la mafayilo ao pamalo apadera.