Nsomba yaiwisi yoyenda pa lamba: kodi anthu a ku Japan amadziteteza bwanji?

Mukalowa m'malo odyera otchedwa kaiten-zushi ku Japan, simudikira woperekera zakudya. Timbale timadutsa patsogolo panu pa lamba woyendera magetsi, ndipo kamene kakukopani mumangotenga. Pa kambalepo pamakhala sushi, yemwe ndi mpunga wothira viniga, nthawi zambiri wosanjikapo kachidutswa ka nsomba yaiwisi.

Njirayi anaiyambitsa Yoshiaki Shiraishi, yemwe anatsegula malo oyamba otere ku Higashiosaka mu 1958 ataona mabotolo akuyenda pa lamba kufakitale ya mowa. Lero makina ndi amene amaumba mpungawo, ndipo makasitomala amaitanitsa chakudya pogunda pa sikirini. Antchito akachepa mtengo umatsika, n'chifukwa chake mabanja amapitako ndi ana.

Koma nsomba yaiwisi ili ndi ngozi yake. Nsomba zina za m'nyanja yamchere zimakhala ndi nyongolotsi yotchedwa Anisakis, yoyera ngati ulusi, yotalika masentimita awiri kapena atatu. Mukaimeza yamoyo imaboola khoma la m'mimba, ndipo pakapita maola angapo mumamva ululu waukulu pamwamba pa mchombo, nseru ndi kusanza. Madokotala amaichotsa polowetsa kachipangizo ka kamera kudzera pakamwa.

Viniga, mchere ngakhale wasabi, chokometsera chowawa ngati tsabola, sizipha nyongolotsiyi. Unduna wa zaumoyo ku Japan umalangiza kuumitsa nsomba pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola osachepera 24, kapena kuiphika mpaka itenthe madigiri 70. Firiji yanu ya kunyumba musaidalire pa ntchito imeneyi, makamaka magetsi akamathimathima.

Mdani wina ndi nthawi. Chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga. Malo ena amaika kachipangizo pansi pa mbale kuti makina adziwe kuti yazungulira nthawi yaitali bwanji, ndipo yomwe yakhalitsa imachotsedwa. Ena amavundikira mbale iliyonse kuti malovu ndi fumbi zisagweremo.

Ngakhale zili choncho, amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ayenera kupewa nsomba yaiwisi, chifukwa kuzizira sikupha mabakiteriya onse. Ngati muli ndi wachibale woyembekezera ku Johannesburg kapena London, komwe sushi amagulitsidwa m'masitolo, muuzeni asankhe wa nsomba yophika kapena wa masamba. Ndipo musayese kudya chambo kapena mlamba wosaphika, pakuti nsomba za m'mitsinje ndi m'nyanja zathu nazo zimanyamula nyongolotsi zake.

Kukhitchini kwanu kulibe makina owerengera nthawi, choncho wowerengera ndinu. Bungwe la WHO limati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Ndiwo zotsala zivundikireni, muziike pozizira, ndipo muziwiritsenso mpaka zibwate musanapatse mwana.