Mbiri ya kwa Kalembo ili m'mitu ya agogo

Wophunzira wa kuyunivesite akauzidwa kuti alembe pepala la mbiri yakale, masiku ano amayamba wathamangira pa intaneti. Koma amene wasankha kulemba za dera la mfumu yaikulu Kalembo m'boma la Balaka sachedwa kugwa mphwayi, pakuti zomwe angapeze kumeneko sizingadzaze masamba awiri.

Mbiri ya derali, lomwe lidali pansi pa Machinga mpaka 1998 pomwe Balaka idakhala boma palokha, idabalalika. Ina ili m'zikalata ku Zomba, ina m'mabuku ochepa, koma yochuluka ili m'mitu ya agogo a m'midzi yozungulira Ulongwe.

Ufumu wa Kalembo ndi umodzi mwa maufumu a Ayao a gulu la Amachinga, omwe adalowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800 kuchokera ku Mozambique ndipo adapeza Anyanja m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Wofuna kudziwa momwe magulu awiriwa adakhalirana, komanso za malonda a minyanga ndi akapolo, ayenera kuyenda maulendo awiri.

Ulendo woyamba ndi wa ku National Archives ku Zomba, malo osungirako zikalata zakale omwe adakhazikitsidwa mu 1947. Kumeneko kuli malipoti ndi makalata a mabwanamkubwa ndi ma DC a nthawi ya atsamunda, pomwe chigawochi chinkatchedwa Upper Shire.

Vuto la zikalatazi ndi lakuti adalemba ndi opambana nkhondo. M'zaka za m'ma 1890, asilikali a Harry Johnston adagonjetsa mafumu a Chiyao monga Liwonde, Kawinga ndi Jalasi, ndipo zolemba za boma zimakamba nkhaniyi momwe azungu adaionera. DC ankamvanso zambiri kudzera kwa womasulira, ndipo chomwe chinkamukhudza kwambiri ndi msonkho.

Mabuku alipo othandiza. Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican yemwe adali Myao, adalemba Chiikala cha Wayao chomwe chidatuluka mu 1919. Clyde Mitchell adakhala pakati pa Ayao a ku Machinga m'zaka za m'ma 1940 ndipo buku lake la The Yao Village lidasindikizidwa mu 1956.

Ulendo wachiwiri, womwe ambiri amauzemba, ndi wa kumudzi. Njira imeneyi si yachilendo. Chancellor College, yomwe idasamukira ku Zomba mu 1973 ndipo kuyambira 2021 imangotchedwa University of Malawi, inkatuma ophunzira a chaka chomaliza kumidzi kukafunsa akuluakulu. Pobwera ankalemba mapepala omwe ankawerengedwa ndi kuunikidwa pamaso pa anzawo ndi aphunzitsi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, aphunzitsi monga Kings Phiri ndi Megan Vaughan adatolera nkhani zapakamwa za Ayao ndi Anyanja a m'chigawochi. Phiri adatulutsa kafukufuku wake wa kubwera kwa Ayao kummwera kwa Malawi mu 1984. Naye Vaughan, polemba buku la njala ya 1949 lomwe lidatuluka mu 1987, adagwiritsa ntchito ngakhale nyimbo zomwe amayi ankaimba pamtondo.

Ntchito ya kumudzi ili ndi malamulo ake. Mlendo safika n'kuyamba kutsegula foni kujambula mawu. Amayamba waonekera kwa nyakwawa kapena gulupu n'kufotokoza chomwe wadzera. Ngati samva Chiyao, afunika womasulira wodalirika, chifukwa gogo akamakamba za makolo ake amabwerera ku chilankhulo chomwe adayamwira.

Agogo satchula zaka. Amati zidachitika njala isadagwe, kapena nthawi ya nkhondo ya Chilembwe. Wophunzira ndiye amasandutsa mawuwo kukhala 1949 kapena 1915. Ayeneranso kukumbukira kuti pa Chiyao ufumu umayenda kuchikazi: wolowa m'malo amachokera ku mbumba, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa mfumu. Wolemba mndandanda wa mafumu ngati bambo ndi mwana wake wasokoneza kale mbiri yonse.

Komanso mawu a agogo si onse ofunika kumeza. Mabanja awiri olimbirana ufumu kapena malo amakamba nkhani imodzi mosiyana, aliyense kukokera kwake. N'chifukwa chake wofufuza amafunsa anthu angapo, amuna ndi akazi omwe, aliyense payekha, kenako n'kufananiza ndi zomwe adapeza ku Zomba. Pomwe zatsutsana amalemba mbali zonse, n'kutchula yemwe adanena, malo ndi tsiku.

Kusamala kotere si kongofunira malikisi. Milandu ya ufumu ndi malire a malo imafika mpaka kukhoti, ndipo pepala lolembedwa mosasamala lero lingathe kudzatengedwa ngati umboni mawa, banja lina n'kulira.

Nthawi nayo siyikudikira. Munthu yemwe adali ndi zaka khumi pa njala ya 1949 lero wadutsa zaka 85. Omwe adamva nkhani za nkhondo za Johnston kuchokera pakamwa pa agogo awo atsala owerengeka.

Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera, koma amakoma pokhapokha wina atawasunga. Wophunzira wochokera kwa Kalembo ali ndi mwayi womwe pulofesa wa ku London alibe: amadziwa chilankhulo, njira ndi khomo loyenera kugogoda. Akamaliza pepala lake, ndi bwino kope limodzi libwerere kumudzi komwe nkhaniyo idachokera.