Lobelia: duwa lakwathu lofuna kuzizira ndi chinyontho

M'minda ya maluwa ya ku Ulaya, lobelia amatchuka chifukwa cha timaluwa take tabuluu timene timakongoletsa m'mphepete mwa tinjira ndi m'miphika yopachika pakhonde. Komatu kwawo kwenikweni kwa mtundu umenewu, wotchedwa Lobelia erinus, ndi kum'mwera kwa Africa kuno, kuyambira Malawi ndi Namibia mpaka South Africa. Dzina lokha ndilo lachilendo, pakuti linachokera kwa Matthias de l'Obel, katswiri wa zomera amene anabadwa m'chaka cha 1538.

Ngakhale ndi lakuno, duwali silipirira dzuwa lotentha ndi nthaka youma. Amene walibzala chilimwe chitafika pachimake, monga mu Okutobala, amangotaya mbewu ndi madzi. Nthawi yabwino yofesa ndi Marichi kapena Epulo, mvula ikamatha, kuti lidzachite maluwa m'miyezi yozizira ya Juni, Julayi ndi Ogasiti.

Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zimafuna kuwala kuti zimere. Choncho sizikwiriridwa, zimawazidwa pamwamba pa dothi losalala la panazale ndi kutsenderedwa pang'ono ndi chikhatho. Pothirira pamafunika madzi ogwa mofatsa, kuopa kukokolola njerezo. Zimamera pakapita masabata awiri kapena atatu.

Mbande zake ndi zanthete kwambiri, motero zimawokeredwa m'timagulu ta zinayi kapena zisanu, potalikirana masentimita 10 mpaka 15. Dothi likhale la manyowa owola bwino, losunga chinyontho koma losadikha madzi, chifukwa madzi odikha amawoletsa mizu. M'madera ofunda, malo oyenera ndi olandira dzuwa la m'mawa ndi mthunzi masana. Lobelia wa mumphika amauma msanga kuposa wa pansi, ndipo kukatentha amafuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku.

Chomerachi sichitalika kwambiri, koma chimayanga ndi kuphimba nthaka. Maluwa akayamba kuchepa, nthambi zidulidwe pakati, kenaka chithiriridwe mokwanira. Pakapita masabata ochepa chimaphukiranso ndi kuchita maluwa kachiwiri.

Pali chenjezo limodzi kwa mabanja a ana aang'ono ndi ziweto: lobelia ali ndi poizoni ndipo sadyedwa. Mphika wake uikidwe pamalo pamene mwana wokwawa sangafikire.