Musanajambulitse Tattoo, Yang'anani Mphini za Ambuya Anu

Mwezi watha mai wina wa kuno ku Mpima anabwera ku cipatala ndi mwana wake wa zaka 19. Mnyamatayo anajambulitsa dzina la cisumbali cake pamkono, kwa mnzace amene anagwiritsa nchito nsingano yosokera ndi inki ya bolopeni. Mkono unali wotupa, mafinya ali cucucu. Maiyo anafunsa kuti, "Adokotala, kodi cimeneci cidzacoka?" Ndinayankha kuti mafinya adzatha ndi mankhwala, koma dzinalo adzakalamba nalo.

Acinyamata ambiri a ku Bwacha, Makululu ndi Katondo akufuna mphini zamakono zimene amati tattoo. Ine sindiletsa munthu, thupi ndi lake. Koma ayenera kudziwa kuti cithunzi cimene aona tsiku loyamba sindico cimene adzakhala naco pa zaka 50.

Khungu lathu liri ndi mbali ziwiri. Yapamwamba imafundula pang'onopang'ono ndi kumera yatsopano pafupifupi mwezi uli wonse. Inki siikhala m'menemo. Nsingano imaipereka m'mbali yaciwiri, milimita imodzi kapena awiri kuya kwake, kumene khungu silifundula. Thupi limaona inkiyo ngati mdani, ndipo asilikali a m'magazi amathamangira kukaimeza. Alephera kuigaya, motero angokhala nayo pomwepo. Msilikali akafa, wina atola inkiyo, koma siibwerera ndendende pamalo pake. Ina imatengedwa kupita ku timabere ta m'khwapa ndi m'mphecepece, kumene timatupa mwanabere. Ndico cifukwa cace mizere yowongoka imayamba kufalikira monga inki papepala lonyowa.

Amene muli ndi ambuya ocokera ku Petauke kapena ku Katete, yang'anani mphini zao za pamphumi ndi pacifuwa, zimene anzathu a Cibemba amati inembo. Pamene anazitema ndi kupakamo makala zinali zakuda bii, zooneka patali. Lero zambiri zazilala, zina zabisika m'makwinya. Makina a magetsi sanasinthe cibadwa ca khungu.

Zilembo zazing'ono ndizo zimayamba kuonongeka. Dzina lolembedwa mothinana, pakapita zaka khumi kapena makumi awiri, lingasanduke banga losawerengeka. Dzuwa nalo limaswa inki, ndipo dzuwa la Okutobala kuno ku Kabwe mulidziwa. Pa zala ndi kumapazi cithunzi cimafufutika msanga. Pamimba ndi pamawere cimatambasuka mai akakhala ndi pakati, ndipo pamkono cimakwinyika munthu akaonda. Inki yofiira ndi yacikasu sizioneka bwino pakhungu lakuda, ndipo yofiira ndiyo imabvuta kwambiri ndi kunyerenyesa ndi zotupa.

Cina cimene ojambula sakuuzani ndi cipsera cotukumuka. Ife akhungu lakuda timakhala naco kawirikawiri kuposa azungu. Bala likapola, mnofu upitirira kumera, wolimba ndi wonyerenyesa, makamaka pacifuwa, pamapewa ndi kumakutu. Ngati munaboola khutu ndipo panamera cotupa, kapena m'banja mwanu alimo otero, tattoo muisiye. Cipsera cotere cikadulidwa cimakonda kubweranso.

Koma cimene cimatiopsa ife a cipatala ndi nsingano. Anthu amakumbukira HIV yokha, ndipo ndi zoona kuti ingapite m'nsingano kapena lezala ya magazi a wina. Amaiwala Hepatitis B, nthenda ya ciwindi imene imagwira mosabvuta kuposa HIV. Kacirombo kace kakhoza kukhala moyo m'magazi ouma kwa masiku 7. Kufufuza kwa ZAMPHIA kwa caka ca 2016 kunapeza kuti mwa akulu 100 ali onse m'Zambia, asanu kapena asanu ndi mmodzi anali nako. Ambiri sadziwa, cifukwa kamakhala cete zaka zambiri kufikira ciwindi cituma kapena kugwidwa ndi khansa. Katemera wace analowa m'ndondomeko ya ana a sikelo m'caka ca 2005, ndiye kuti ambiri obadwa cakaco cisanafike sanabaidwe. Kupukuta nsingano ndi sipiriti kapena kuiotca pa kandulo sikukwanira. Ngakhale nsingano ikhale yatsopano, kabotolo ka inki kamene anabviikamo pojambula munthu wina kangakupatseni matenda.

Ngati mwatsimikiza mtima, yambani mwapimitsa magazi ndi kufunsa za katemera wa Hepatitis B ndi wa kafumbata. Wojambulayo atsegule nsingano yatsopano inu muli kuona, abvale magolovesi, ndipo athire inki yanu m'kacibekete kanu nokha. Sankhani cithunzi cacikulu ca mizere yotalikirana, pamalo pamene malaya amabisa. Kwa masabata awiri kapena atatu cimeneco ndi cilonda: cisambitseni ndi sopo ndi madzi owiritsa, musacikande, ndipo musalole pfumbi kulowamo. Odwala shuga ndi amai apakati ayambe aima.

Kucotsa tattoo kumafuna makina a laser, maulendo angapo ndi ndalama zambiri, ndipo pakhungu lakuda pangatsale banga loyera kapena lakuda kwambiri. Conde musayese asidi wa m'batire kapena nsimbi yamoto. Ndamangapo zilonda zotere, ndipo zinali zonyansa kuposa dzina limene mwini wace anafuna kufafaniza. Mukaona kutupa, mafinya, kutentha thupi kapena maso acikasu, bwerani ku kiliniki tsiku lomwelo.